Matenti Atafika Madzi Asanabwere

Fungo la tenti yotenthedwa ndi dzuwa sindiliiwala. Limamveka ngati tayala losakaniza ndi mankhwala, ndipo limakakamira m'zovala ngakhale uchape kawiri. Ndinalidziwa ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, chaka chimene Shire anadzaza n'kutigwetsera nyumba, mbuzi zathu n'kupita ndi madzi tikuziona. Tinagona miyezi iwiri mu tenti pabwalo la sukulu, ine, amayi ndi mlongo wanga Zuze, amene anali wakumsana. Bambo anali ku Nchalo, kudula nzimbe. Mulungu anatisunga tonse.

Chaka chotsatira, mvula itatha, masawu atayamba kupsa, kunabwera magalimoto asanu ndi imodzi Lachisanu masana. Anaima pansi pa mitengo ya bwemba, pafupi ndi doko la asodzi. Sanali magalimoto wamba ayi. Anali ndi zitseko ngati za nyumba, mawindo a makatani, ina mpaka makwerero kumbuyo. Munatuluka azungu aimvi, amuna ndi akazi, n'kuyamba kuyala mipando, kuyanika matawulo ndi kukhoma matenti pambali pa galimoto iliyonse. Anzanga anathamangira kukaonerera. Ine mphepo itangondifikitsira fungo lija, ndinathawira kunyumba.

M'mutu mwanga nkhani inali yosavuta. Matenti ndi madzi zimayendera limodzi. Chaka chatha madzi anatsogola, matenti n'kutsatira. Tsopano eni matenti achenjera, afika msanga, ndipo nyumba zawo aziika pa matayala kuti madzi akabwera angoliza n'kuthawa. Nanga ife tikanathawira pa chiyani? Ndinafunsa amayi akupeta mapira. Anangoseka, amvekere, "Madzi mwezi uno? Iwe, kasewere uko." Koma ndinakumbuka kuti chaka chathanso akuluakulu ankati madzi safika kwathu.

Loweruka m'mawa, amayi atapita kudimba, ndinabereka Zuze, kumanga mbatata ziwiri pansalu, ulendo wa ku njanji yakale, pamtunda pamene tinapulumukira madzi atasefukira chaka chija. Sindinauze munthu. Tinakhala pansi pa kamtengo ka minga, zitsulo za njanji zitatentha moti sukanapondapo. Maso anga anali kumtsinje basi. Akakowa akauluka m'dambo, ndinkati aona madzi. Mphepo ikawomba m'bango, ndinkati ndi mkokomo wa madzi. Zuze analira ludzu, ine ndilibe ngakhale dontho. Ndinathawa madzi osatenga madzi akumwa. Ndinamuimbira nyimbo ya kutchalitchi mpaka anasiya kulira. Ndinkayesa wagona, koma milomo yake inali itauma, mutu ukungolendewera.

Anatipeza dzuwa litapendeka mayi wina wogulitsa milamba youma, akuchokera ku Bangula pa njinga. "Kodi si iwe akukufuna kumudzi? Thamanga, mwanawe! Atsibweni ako atenga zikwanje, akuti azungu aba ana."

Ndinathamanga, Zuze akundigunda kumsana. Padoko ndinapeza chikhamu cha anthu. Atsibweni, alongo awo a amayi, anali kutsogolo, akumenya chitseko cha galimoto ina ndi chikwanje kuti aone m'kati. Bambo wina anali atanyamula kale chigubu cha petulo. Agogo ena aakazi achizungu anaima atakweza manja, akulankhula zimene palibe ankamva. Amayi anali pansi m'fumbi, akuitana mayina athu. Ndinaima kuseri kwa bwato lovundikira. Atsibweni ndinkawaopa kuposa ng'ona, ndipo ndinadziwa kuti ndikatulukira nkhani yonse igwera ine. Kenako ndinaona bambo uja akutsegula chigubu.

"Tili pano!" ndinakuwa.

Zikwanje zinatsika.

"Unali kuti, mwana iwe?"

"Ku njanji, atsibweni. Madzi akubwera. Taonani matenti."

Palibe anaseka. Onsewo anagonamo m'matenti chaka chatha. Amayi anandimasula Zuze kumsana, ali lefu, maso atalowa. Agogo achizungu aja analowa m'galimoto yomwe inkati iwotchedweyo, n'kutuluka ndi botolo la madzi. Anathiramo shuga ndi kamchere, anagwada m'fumbi momwemo, n'kuyamba kumumwetsa ndi supuni. Pa supuni yachingati kaya, Zuze analira. Amayi ankangoti, "Takhuta, takhuta," kuthokoza m'Chisena cha kwawo.

Lamlungu m'mawa anapinda matenti awo n'kumapita. Tinamva pambuyo pake kuti anali anthu opuma pantchito, amene ankakumana chaka ndi chaka kudzaona mbalame za m'dambo. Kwathu sanabwerenso.

Ndili mwana ndinkati tsiku limenelo ndinali kupulumutsa mlongo wanga, ndipo ndinadabwa kuti palibe anandiyamika. Lero ndine mayi wa ana anayi, ndikudziwa kuti ndinatsala pang'ono kumutaya, pamodzi ndi anthu osalakwa. Zuze ali moyo, ali ndi banja lake ku Makhuwira. Agogo aja sindinawafunse dzina, choncho ndikagwada ndimangoti, "Ambuye, inu mukuwadziwa."