Amatironi adzawerenga kabuku kanga

Mwaswera bwanji nonse, ndine Tamanda pa foni ya atate.

Tangofika kumene kuchokera ku Katete kokaona sukulu yogonera komweko imene ndasankhidwira. Ndi yaikulu, magetsi aliko, ndipo atsikana amagona ambiri m'chipinda chimodzi pa mabedi osanjikiza.

Koma amatironi, oyang'anira atsikana, anati tsiku lofika amatsegula sutikesi ya aliyense. "Kabuku kosakhala ka m'kalasi ndimakawerenga ndekha, mwanangu. Makalata a anyamata amabisala mmenemo."

Ine ndinangoyang'ana pansi. M'kabuku kanga mulibe za anyamata. Ndimalembamo zimene ndikanawauza amayi akanakhala moyo, ndipo palibe anakawerengapo.

Ndikakasiya kunyumba, achimwene akapeza. Azakhali, mungandisungire osatsegula? Komano kusukuluko ndizikawauza bwanji amayi?