Msitu Umene Amayi Sanautchule

A Ebelesi Mbewe a ku Zingalume anali mzamba. Mwana akabadwa wamoyo, ankaimba nthungululu mpaka mudzi wonse kumva. Akabadwa wakufa, amene timati nthayo, ankamukulunga m'nsalu n'kutsogolera amayi okhaokha kukamuika kumsitu wa m'mbali mwa mtsinje. Kumeneko mwamuna sapondako, ndipo nkhani yake sauzidwa. Ana atatu a Ebelesi eni akewo anagona komweko.

Mu 1996 kunabwera anthu oteteza nyama, atanyamula zithunzi za dziko zojambulidwa kuchokera kumwamba. Paliponse panali mbee, minda yokhayokha, koma msitu uja unkaoneka bii. Analowamo ndi kamakina kolemba malo, napeza mapazi a agwape ndi una wa ngaka, kanyama kamamba kaja. Anakondwa kwambiri.

Ine wa m'mudzi momwemo ndinalipo, ndipo sindiwada anthu aja, anafunsa ndithu. Anayala mapu pabwalo la sukulu, nati aliyense aloze pamene amalima, pamene amatunga madzi, pamene pali manda. Abambo analoza, ena mpaka kuloza minda ya eni ake. Atafika pa msitu, mkulu wa alendowo anafunsa ngati alipo amene amaugwiritsa ntchito.

"Iyayi, ndi thengo chabe limenelo," anayankha a Simeoni, amuna awo a Ebelesi, ndi mtima woyera.

A Ebelesi anangoti zyoli. Akanayamba bwanji, pamaso pa amuna, apongozi ali pomwepo? Cholembera chofiira chinazungulira msitu wonse, ine mtima unandiwawa.

Mvula isanagwe, anazika zipilala za simenti n'kuikapo mlonda wochokera kutali, wamfuti. Lamulo linali limodzi: wopezeka m'katimo ndi wopha nyama. Nthawi imeneyo Felicia, mwana wa a Ebelesi, anali ndi pakati, miyendo itatupa. A Ebelesi analeka nthabwala zawo. Ankangomuyang'ana akamadutsa, kenako n'kuyang'ana kumtsinje.

Tsiku limene Felicia anabereka, nthungululu sizinamveke. Dzuwa litapendeka, amayi anatuluka mumzere, opanda nyimbo, a Ebelesi patsogolo, kamtolo kali pachifuwa, khasu lili ndi mng'ono wawo. Atangopitirira chipilala choyamba, mlonda anatulukira m'tchire. Anayang'ana khasu, nayang'ana nsalu yothimbirira magazi.

"Imani pomwepo, mayi," anatero. "Tulani pansi, mumasule ndione."