Lumo la Amayi

Lumo lija linkakhala m'chitini cha fodya pamwamba pa kabati, m'nyumba yathu ya ku komboni ya Kwacha, mu mzinda wa Kitwe. Linali lisanagwirepo ntchito, lokulungidwabe m'pepala lake lofiira ndi zaka. Abambo lawo likabuntha ankakabwereka kwa aneba, ili sankalikhudza.

Linagulidwira maliro a amalume aang'ono, mlongo wawo wa amayi. Boma linawatenga kumudzi, kuchigawo cha kum'mawa, pa nkhondo ya azungu, ndevu zisanamere n'komwe. Anawakweza sitima yapamadzi, munthu amene madzi ambiri anangowaonera m'dambo, ndipo sitimayo inamira pakati pa nyanja yamchere. Kwathu maliro akaikidwa abale amameta, ndiye kuti kulira kwatha. Amayi anakana. "Mtembo anauona ndani?" Zaka zonsezo tsitsi ankangoliluka n'kulibisa m'duku.

Kumene ankandichititsa manyazi kunali kumsika. Akangoona mdala wovala chijasi chakale cha usilikali, ankasiya tomato ali m'manja n'kumutsatira. Ankayamba ndi mawu aulemu akuti "Mukwai" m'Chibemba chawo chopunduka, kenako n'kugwera m'Chinyanja: "Munaliko ku nkhondo? Simunamuoneko mnyamata wa mpata kumano?" Ena ankapukusa mutu, ena ankawapempha ya mowa. Ine ndinkaima patali ngati si mayi anga.

Kenako inafika nyengo ya ufulu. Dzuwa la Okutobala linkaswa mtengo, utsi wa ku mgodi unkakanda kukhosi, koma Kitwe yense anali m'misewu. Kopa wa ku mgodiwo anali pa mtengo wabwino, ndipo pafupifupi khomo lililonse linkalira wailesi. Tinaonerera asilikali akuguba, nsapato zikuwala, amayi akuyang'ana nkhope imodziimodzi.

Amalume aakulu anabwera kuchokera ku Ndola sabata yomweyo. Ndinawamva ali pakhonde: "Mlongo, madzi akatayika saoleka. Uja anafera eni nkhondo, ndipo eni akewo akulongedza. Meta." Amayi anangoti, "Ndikamete pa manda ati?"

Lero ndimaona kuti amalume ananena zoona, ndipo ndi zoonazo zimene zimandipsetsa mtima. Azungu anapinda mbendera yawo n'kupita, osatembenuka. Atsogoleri atsopano anali ndi ngwazi zawo zoti aziziimbira nyimbo. Mnyamata wofera mfumu ya eni sanalinso wa aliyense. Womuwerengera ngati munthu anali mayi mmodzi wofunsa zidakwa kumsika.

Masiku omwewo aphunzitsi anatijambulira mitsinje ya dziko lathu latsopano pa bolodi. Anati Kafue amathira mu Zambezi, Zambezi n'kukathira m'nyanja yamchere. Ndinabwera kunyumba ndikuimba zimenezi ngati nyimbo, kufuna kuti anditame. Amayi anali kusita malaya a abambo. Anaimika simbi.

"Ati madzi ya pa Kafue apa yamafika ku nyanja?"

"Ee, aticha akamba."

Simbi inakhala pamalopo mpaka makala anazima.

Loweruka m'mawa anatsitsa chitini chija n'kundigwira dzanja. Tinayenda kudutsa nyumba zazikulu za ku Riverside, agalu akutiuwa m'mipanda, mpaka tinafika pamtsinje. Madzi anali ofiirira, onunkha matope. Amayi anavula duku, ndipo kanali koyamba kuona kuti tsitsi lawo linali ndi imvi. Anamasula zingongo, ananyowetsa mutu ndi madzi omwewo, n'kuyamba kudzimeta popanda sopo. Lumo linali ndi dzimbiri. Linawacheka kuseri kwa khutu, magazi n'kutsikira m'khosi, koma sanasiye. Tsitsi ankaliponya m'madzi chamanjachamanja, likuzungulira pang'ono kenako n'kutsetsereka. Nanenso anandimetako pang'ono pachipumi. Anaitana dzina la mlongo wawo kamodzi, motsitsa, monga amaitanira mwana amene ali pafupi. Pomaliza anaponya ndi lumo lomwe.

Patapita masiku tinakumana ndi mdala wa chijasi kumsika, anatikhudza ndithu podutsa. Amayi anapitiriza kusankha tomato. Ine mtima unati myaa, manyazi anga atha, ndipo ndinkadzitama kuti sukulu yanga ndi imene yawachiritsa. Sindinkadziwa kuti zaka zonse zija amalume aang'ono anali amoyo m'nyumba mwathu, pansi pa duku, ndipo anamira Loweruka lija pa Kafue, ine ndikuonerera.