Ndinawauza Kuti Achira

Ndinadzuka kunja kusanache, ndili pamphasa pakati pa azimayi amene anagona pasiwa. Nyimbo zinali zitatha, ena akuodzera atatsamira khoma. Bokosi la achemwali anga, a Esinati, linali pakati pa balaza, ndipo amayi athu anakhala chakumutu kwake. Chibwerereni kuchipatala anali asanandiyankhule.

Kunja kunali chiperoni, kamvula kozizira ka nkhungu. Phiri silinkaoneka. Azibambo anazungulira chikuni chimene chinachezera kuyaka, majekete ali kumutu. Kuseri kwa nyumba azimayi anayamba kusonkha moto pamafuwa, koma nkhuni zonyowa zinkangofuka utsi. Adzukulu ananyamula makasu n'kulowera kumanda.

Ndine amene ndinawadikirira achemwaliwo kuchipatala. Anagonekedwa ndi korona, akupumira mpweya wa okosijeni, ndipo masiku oyamba ndinkangowaonera pawindo. Patatha sabata ndi theka kutentha thupi kunasiya. Anamwa phala, anaseka, anafunsa za tomato wawo kudimba. Atawayeza anati kachilombo katha, n'kuwasamutsira ku wodi ina kumene ndinaloledwa kukhala nawo. Ndinaimba foni kumudzi ndi chimwemwe. Ndinati auzeni amayi kuti achemwali achira, tikubwera Lachisanu.

Lachitatu thupi linatenthanso. Anayamba kutsokomola makhololo achikasu, akudandaula kuti m'nthiti mukubaya. Adokotala anandiitanira pakhonde nandiuza kuti ndi chibayo. Anati korona anasiya mapapo ali ofooka, ndiye tizilombo tina, mabakiteriya, tinapezerapo mpata wolowa. Anawapatsa mankhwala kudzera mu diripi. Anasintha mankhwalawo, kenako anasinthanso. Tizilomboto sitinamve. Tinabwera Lachisanu linalo, iwo ali m'bokosi.

Dzuwa silinatuluke, koma anthu anabwera. Ena anachokera ku Mauwa panjinga, matope ali m'miyendo. Anzawo ogulitsa nawo tomato pa Namitambo anafika limodzi, akulira kuyambira kumsewu. Aneba athu achisilamu anabwera atasenza ufa ndi mitolo ya nkhuni zouma, ndipo pamenepo ndi pamene moto unayaka bwino. Panjira yolowera tinaika ndowa ya madzi ndi sopo. Ena anavala masiki, ena anangotseka pakamwa ndi chitenje, ndipo ena anaima patali pansi pa mango osasendera.

Aliyense wondipepesa ankafunsa chimodzimodzi: "Si paja munati achira?" Ndinkayankha kuti korona anatha, chawatenga ndi chibayo chimene chinabwera pambuyo. Bambo wina anapukusa mutu, ndipo ndinamumva akunong'oneza mnzake kuti pali chimene tikubisa. Ndinalibe mphamvu zomutsutsa.

Alamu anga, amuna a malemuwo, sanadye kanthu. Atamva uthenga wanga uja anakhoma kabenchi pakhonde kuti akazi awo azikaothera dzuwa akabwera. Tsiku la malirolo pakabenchipo panakhala abusa.

Mwambo woona nkhope unali wachidule. Mwana wamkazi wa achemwaliwo, wazaka zisanu ndi zitatu, anaima nthawi yaitali. Kenako analoza chilonda chimene chinali pamphuno pa mayi ake nandifunsa kuti anagwa kodi. Ndinati ayi, ndi pamene pankapana chopumira chija. Anagwedeza mutu, wina n'kumukoka dzanja.

Malume athu analankhula mawu ochepa m'malo mwa banja. Atafika ponena za matenda anakakamira, n'kungoti Mulungu ndiye akudziwa. Tinanyamuka masana mvula ikuwaza. Njira ya kumanda imadutsa m'minda ya nandolo, ndipo inali yoterera. Onyamula bokosi ankasinthana pafupipafupi. Azimayi a mpingo ovala zoyera anatsogolera nyimbo, koma mawu ankatsamwa m'mamasiki. Pamene dothi loyamba linagunda bokosi, amayi anakhala pansi m'matope. Panafunika anthu atatu kuti awadzutse. Ine ndinaika nkhata yanga ya maluwa osaona bwino pamene ndikuika.

Pofika madzulo alendo ambiri anali atabalalika. Miphika yobwereka anaitsuka n'kuivundikira kuseri. M'balaza munatsala mphasa ndi fungo la utsi. Achibale otsala anali panja, ndipo m'nyumba munali ine ndi amayi basi.

"Filesi," anatero osandiyang'ana. "Masabata onse aja unandikaniza bwanji kukamuona mwana wanga?"

Ndinali nditalonjeza kuti sindidzanena, koma ndinalephera.

"Sindine, amayi. Ndi achemwali. Anati ndi chifuwa chanucho musayerekeze kuponda kuchipatala. Ngakhale tsiku lomaliza, mpweya ukuwathera, anandigwira dzanja n'kunena kuti ndisakuitaneni. Anati nditenge mlanduwo ineyo, chifukwa mukadziwa kuti ndi iwo mubwera basi."

Amayi anatembenuka n'kundiyang'ana. Kudenga kunkadontha madzi.

"Ndikanabweradi," anatero.

Anasendera pamphasa n'kundipatsa malo. Ndinakhala pafupi nawo, ndipo anatambasula chitenje chawo n'kundifunditsa mapewa. Kunja kunkada, koma palibe amene anadzuka kukayatsa nyali.