Buku Lothimbirira la Tione

Linali Lamulungu masana, tsiku lokhalo limene munthu wotchola tiyi amapeza mpata wochapa. Ndinali pa mpopi wa ku malaini, nyumba za antchito a pa esiteti, manja ali m'beseni, pamene mwana wanga Tione anatulukira foni ili m'manja. Sankathamanga. Mwana wobwera ndi nkhani yabwino amathamanga.

"Amayi, mapepala aja abwezedwa."

"Abwezedwa chotani? Si sukulu inakutenga kale?"

"Sukulu inanditenga, koma viza sapereka popanda inshuwalansi ya zaumoyo. Ndikapanda kufika pa 10 Febuluwale, malo anga apatsa wina."

Anakhala pansi pa simenti yonyowa ndi diresi lake la kutchalitchi. Sanalire. Bola akanalira.

Inu ofuna nkhani yolimbikitsa, tamverani iyi. Sindiikometsa, nthawi ndilibe.

Tione anabadwira pa esiteti kuno ku Thyolo, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Bambo ake, a Dixon, anamwalira iye ali Sitandade 6. Kuyambira ali wakhanda Tione ali ndi mphumu. Chiperoni chikangotsika m'mapirimu, pachifuwa pake pamalira ngati wezulo. Fomu 4 analephera ulendo woyamba chifukwa sabata ya mayeso anali m'chipatala. Anthu a ku malaini anati, "Basi, mpatseni dengu." Dengulo analisenzadi. Anatchola tiyi nyengo ziwiri, nabwereza kalasi, nakhoza. Anachita dipuloma ya zaulimi, kenako zaka zitatu akulembera ku mabungwe olipirira ophunzira. Amene anamuyankha anali amodzi okha, a yunivesite ina ya ku Joni: bwera udzaphunzire za nthaka, fizi, chipinda ndi chakudya tikulipirira.

Za chipatala sanatchule.

Pa fomu ya viza panali malo ofuna umboni woti akadwala kumeneko alipo womulipirira. Ndine ndinamuuza kuti aikepo kalata ya ku kiliniki ya esiteti, yonena kuti mwana wa wantchito amalandira mankhwala ulere. Iye anakayika, ine ndinakakamira. Moyo wanga wonse inshuwalansi imene ndinkaidziwa inali nambala yanga ya ntchito. Sindinaganize kuti nambala ya pa esiteti imathera pa geti la esiteti.

M'mawa mwake Tione anakwera minibasi kupita pa boma. Anabwerako ndi mapepala odzaza jumbo, nawayala pamphasa.

"Inshuwalansi yakuno kwathu salola," anatero. "Akufuna ya kampani yolembetsedwa konko, ya chaka chathunthu."

"Ndiye tenga yotchipa, nkhani ithe."

"Yotchipayo imalipira akakugoneka m'chipatala basi. Kukaonana ndi dokotala ayi, mankhwala a mwezi ndi mwezi ayi. Ine ndikufunika iyi." Analoza ina ya mtengo wokwererapo.

Masiku atatu anawerenga mapepala amenewo, mpaka timalemba tating'ono ta pansi timene anthu amangodumpha. Ndinamufunsa ngati akulembanso mayeso. Anati, "Munandiphunzitsa ndinu. Wotchola mothamanga amabwezedwa pa sikelo."

Ndiye tinafika pa funso lija. Mafomu onse anali nalo: kodi muli ndi matenda amene mwakhala mukudwala kapena kumwera mankhwala? Inde, kapena ayi.

"Lemba ayi," ndinatero.

Musandiweruze msanga. Ife a pa esiteti tili ndi lamulo losalembedwa: matenda sanena. Ambiri timalembedwa ntchito nyengo ndi nyengo. Kapitawo akadziwa kuti ndiwe wodwaladwala, mvula ikadzagwanso dzina lako silituluka. Palibe amakuuza chifukwa, limangosowa. A Dixon ananena chilungamo za chifuwa chawo chaka china, chaka chotsatira anakhala pakhomo. Kuyambira pamenepo ine ndinaphunzira kumanga mutu ndi duku mwamphamvu n'kumamwetulira pamzere. Amayi onse a ku malaini amadziwa zimenezi, ndipo amadziwanso njira yake: buku la kuchipatala likadzaza ndi mbiri yoipa, umakagula latsopano.

Loweruka ndinapita pa boma n'kukagula latsopano, loyera, lopanda ndi dzina lomwe. Ndinaliika pamwamba pa mapepala ake.

Tione analiyang'ana, natenga lakale lija m'chikwama. Mukanaliona bukulo! Lothimbirira, lofufuma ndi mvula, mabuku atatu osokedwa pamodzi ndi ulusi wa thumba la fetereza. Tsamba lililonse mphumu, mphumu, mphumu.

"Ili ndi langa, Amayi. Ilo ndi la munthu amene kulibe."

"Iwe, usandiphunzitse nzeru. Akaona zimenezi akukana. Malo apita. Ukufuna ubwerere ku dengu?"

"Ndikanama, adzandilandira lero n'kudzandikana tsiku limene ndagwa. Zalembedwa apa. Akapeza kuti unabisa, amafufuta zonse."

"Adzadziwa bwanji?"

"Chifuwa changa chidzawauza. Mwaiwala mmene chimalirira?"

Ndinamutchulira bambo ake. Ndinadziwa kuti ndikubaya pa bala, koma ndinatchula. Iye anati, "Kapitawo safuna odwala chifukwa akufuna tiyi. A inshuwalansiwa ntchito yawo ndi odwala omwewo." Anatenga bolopeni nachonga pa inde, ine ndikuona.

Sitinayankhulane masiku awiri.

Lolemba anapita ndi buku lakalelo ku kiliniki kwa a Goodson, amene akhala akutipatsa mankhwala zaka zambiri. Ine ndinatsatira, ati kukamuletsa. A Goodson anatsegula bukulo naseka.

"Amake Tione, theka la malemba ali umu ndi dzanja langa. Mumafuna mutaye ntchito yanga yonseyi?"

"Adokotala, inu ntchito yanu ndi yapamwezi. Simudziwa."

"Ndikudziwa. Ndimakuonani mukudutsa pa windo apa mutagwira mutu, osalowa."

Ndinayang'ana kumbali.

Analemba kalata ya masamba awiri kuchokera m'bukumo: matenda anayamba liti, amamwa chiyani, anagonekedwa kangati, ndiponso kuti akamamwa mankhwala bwino amagwira ntchito ngati wina aliyense.

Panatsala nkhani ya mtengo. Ngakhale titatchola tonse awiri Disembala ndi Januwale osapuma, sitikanaufikira. Tione analembera a bungwe lomulipirira lija. Zii. Analembanso. Zii. Ankatchola m'mawa, chifukwa nyengo ya mvula tiyi sadikira munthu, madzulo n'kukwera pachulu cha kuseri kwa fakitale pamene netiweki imagwira, n'kutumizanso. Kasanu konse. Anzake pamzere anayamba kumutcha "Joni". "Joni, tafulumira, ndege ikusiya!" Iye ankangoti, "Ikandisiya ndikwera ina."

Ulendo wachisanu ndi chimodzi anaphatikizapo kalata ya a Goodson ndi zithunzi za masamba a buku lija. Yankho linabwera m'masiku awiri. Anati ali ndi thumba lapadera la zaumoyo la ophunzira ochokera kunja, koma amapereka kwa amene wapempha ndi umboni wa dokotala. Ambiri sapempha.

Umboni wake unali buku limene ine ndinkafuna likaponyedwe m'chimbudzi.

Musaganize kuti zonse zinasalala. A inshuwalansi anamulandira, koma anati pa matenda a mphumu adikire miyezi khumi ndi iwiri asanayambe kumulipirira. Zina zonse inde, mphumu ayi.

"Waona chilungamo chako?" ndinatero. "Chaka chonse uli pamtetete."

"Chaka chimatha, Amayi. Bodza silitha."

Viza inatuluka pa 3 Febuluwale. Ananyamuka ndi mankhwala opopera m'kamwa amene a Goodson anamulembera, majuzi awiri a pa kaunjika, ndi buku lake lothimbirira pansi pa sutikesi.

Chaka choyamba anadzisamala ngati dzira. Kuzizira kwa kumeneko akuti chiperoni chathu n'chamasewera. Anzake akamapita kokasangalala iye ankakhala m'chipinda atafunda. Mankhwala akatha ankagula ndi ndalama ya chakudya, n'kumadya buledi ndi tiyi. Zimenezi anandiuza pambuyo pake. Nayenso kubisa amakutha, ndi mwana wanga.

Miyezi khumi ndi iwiri inakwana. Analembetsanso inshuwalansi yomweyo, chifukwa popanda iyo sukulu silola kuyamba chaka chatsopano.

Mu Julaye chaka chachiwiri, akutenga dothi m'munda wa sukulu m'mawa kukuzizira, anagwa. Mpweya unakana. Anamunyamula pa ambulansi, masiku asanu m'chipatala, awiri ali pa makina opumira. Ine ndinamva tsiku lachitatu ndili pa sikelo, dengu lili kumsana. Ndinatula dengu pomwepo.

A inshuwalansi anachita zimene Tione ananena zija. Anafunsa madokotala ngati matendawa ndi akale. Madokotala anati akalekale, mapapo akuonetsa. Ndiye anakatulutsa fomu imene analemba pamphasa yanga ija. Pamalo paja panali pochonga pa inde, ndi kalata ya a Goodson kumbuyo.

Analipira zonse.

Atatuluka anandiimbira, mawu ali osasa.

"Amayi, mukanaona pepala la mtengo wake. Ngakhale mukanatchola mpaka kumanda."

"Usaseke, iwe. Ndatsala pang'ono kufa ndi mtima."

"Buku lanu loyera lija likanandithamangitsa sukulu. Lilipo?"

"Lilipo."

"Lisungeni. Lili ndi mwini wake."

Sindinamufunse kuti akunena ndani. Ndinadziwa.

Chaka chino Tione akumaliza. Ophunzira atsopano akafika kuchokera kuno, ku Zambia, ku Mozambique, amawakhazika pansi ndi mafomu awo n'kuwerenga nawo mzere ndi mzere. Akuti ambiri amafika atasankha yotchipa osadziwa kuti mankhwala mulibe, ndipo pafupifupi onse amafuna kuchonga pa ayi. Amawaonetsa buku lake losokedwa ndi ulusi wa fetereza.

Tsono inu amene mwana wanu waitanidwa kusukulu yakunja, kapena ndinu mwini wake amene mwaitanidwa, mverani kwa munthu amene analakwitsa. Funsani msanga ngati okulipiriraniwo akulipiranso zachipatala. Funsani kuti dzikolo limalola inshuwalansi yotani. Musathamangire yotchipa musanadziwe chimene ikusiya kunja. Akapanda kukuyankhani lembaninso, dzanja silithyoka. Ndipo matenda anu nenani. Kumene munachokera, mabala amene muli nawo, kulephera kwanu kwa Fomu 4, musagulire buku latsopano. Tsiku lina chimene mukuchita nacho manyazicho ndicho chidzakuimireni umboni.

Mtima musautaye, ngakhale mapepala abwezedwe kasanu. Tione anakhala pa simenti yonyowa tsiku limodzi lokha. M'mawa mwake anakwera minibasi.

Buku loyera lija ndinalembapo dzina langa: Lestina. Ndinalowa pa khomo la kiliniki limene ndinkalidutsa zaka zisanu ndi chimodzi nditagwira mutu. A Goodson anandimanga lamba pamkono, napukusa mutu, nati BP yanga ikanagwetsa ng'ombe. Tsopano ndimamwa kapilitsi kamodzi m'mawa uliwonse. Kapitawo akudziwa, ndinamuuza ndekha pamaso pa anthu. Dzina langa likadzasowa nyengo ikubwerayi, lidzasowe ine ndili moyo. Pakadali pano dengu langa likulemerabe kuposa la atsikana.

Basi, ndanena. Lero ndi Lamulungu, kumwamba kwada kale cha ku Bvumbwe, ndipo zovala zanga zili m'beseni kuyambira m'mawa. A Sellah a nyumba yoyandikana nayo akukuwa kuti ndichotse beseni pa mpopi, nawonso achape. Adikire. Ndatsala ndi mabulangete awiri.