Mmene Ndinapentera Roketi ya Achimwene

Ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani. Mukamadutsa pa Zalewa n'kumawerenga mayina a magolosale, malo ometera ndi mashopu a mafoni, ambiri mwa mayinawo ndi dzanja langa. Ndajambulapo nkhuku, mabotolo, mitu ya anthu ometa bwino, ngakhale nsomba yovala chipewa chifukwa mwini lesitilanti anafuna choncho. Pa zonsezi, ntchito imene ndimaikumbukira kwambiri ndi roketi ya achimwene anga.

Achimwenewa ndinapondana nawo. Anakhala zaka zambiri ku Joni, komwe ankagwira ntchito pa kampani yopanga mathanki ndi maboti a faiba. Kampaniyo itatsekedwa anabwerera kumudzi ndi chikwama chimodzi. Kwathu kuno munthu wochokera ku Joni amayembekezeka kufika ndi galimoto, zikavuta ndiye malata. Iwo analibe chilichonse mwa izi, ndipo ankadziwa zimene anthu ankanena. Miyezi yoyamba ankangokhala pakhonde, maso kumsewu, ukawapatsa moni n'kuyankha mawu awiri basi. Banja ankaliyendetsa ndi akazi awo, alamu anga, ndi geni ya manachesi ndi tomato.

Tsiku lina m'mawa anatulukira pa shedi yanga atanyamula chikatoni chachitali chozungulira, chija amakulungirapo nsalu m'sitolo.

"Iwe, chinthu chonga ichi ungachipente osasiya mizere ya burashi?"

"Chimenechi n'chiyani, achimwene?"

"Lero ndi chikatoni. Koma ndikufuna ndipange roketi."

Ndinaseka, iwo osaseka. Anakhala pa chigoba cha penti n'kundifotokozera kuti bwana wawo ku Joni ankakonda kuulutsa maroketi kumapeto kwa sabata, monga ena amakondera mpira kapena bawo. Matupi a maroketiwo ankawapanga ndi achimwene akaweruka. Aja ankauluka ndi mankhwala oyaka ofuna chilolezo, omwe kuno sapezeka. Yawoyi inali yoti iziuluka ndi madzi ndi mpweya: uthire madzi pang'ono, upope mpweya wambiri, ukatsegula kunsi madzi atuluke mwamphamvu n'kuikankhira kumwamba. Chibwererereni sindinawamvepo akulankhula nthawi yaitali chomwecho. Ndinavomera chifukwa cha chimenecho, osati chifukwa ndinakhulupirira.

Nsalu ya faiba ndi ulimbo wake anakagula ku Blantyre atagulitsa jekete lawo lachikopa. Ankakulunga nsaluyo pa chikatoni, kupaka ulimbo, kukulunganso, mpaka chinauma gwa ngati fupa. Kenako anachiviika m'madzi kuti chikatoni chifewe, n'kuchisolola. Panatsala paipi yopepuka, yaitali kuposa ineyo nditakweza mkono. Fungo la ulimbo linkafika mpaka m'nyumba, moti alamu anawathamangitsira kuseri, pansi pa mtengo wa bwemba.

Ine manja ankandiyabwa. Ndinali nditaganiza kale za malawi a moto kumchira, nyenyezi, ndi dzina lalikulu la zilembo zopindika. Achimwene anandiletsa.

"Usaikhudze kaye. Tiyambe taiyesa."

Tinaitengera kuseri kwa chulu, kutali ndi nyumba. Bambo wina womata matayala pamsewu, mnzawo wa achimwene kuyambira kusukulu, anabwera ndi kompuresa yake pangolo. Tinadzaza madzi, kulumikiza paipi yaitali ya mpweya, ife n'kubisala mbali ina ya chulu. Muvi wa geji yoyezera mpweya unkakwera pang'onopang'ono, kenako kunamveka phuu! Mbuzi zinabalalika, agalu a mudzi wonse n'kuyamba kuuwa. Titasuzumira tinapeza paipi yang'ambika m'litali ngati nsungwi.

Madzulo ake mbiri inali itafala kuti munthu wa ku Joni uja akupanga bomba. Ndinkaopa kuti achimwene abwereranso pakhonde. Koma iwo anatola zidutswazo, kuziyang'ana padzuwa, n'kunena kuti ulusi wa nsalu anauyendetsa mbali imodzi, umafunika kupingasa. M'mawa mwake anavala malaya oyera n'kupita okha kukafotokoza kwa amfumu ndi kupolisi, atanyamula chidutswa chong'ambikacho ndi botolo la madzi. Anawamvetsa, n'kungowauza kuti tsiku louluka adzawadziwitse ndipo kukhale kutali ndi msewu komanso mawaya a magetsi.

Paipi yachiwiri inapirira. Achimwene anamata zipsepse zitatu za pulayiwudi kumchira, ndipo mphuno yake anaiumba pa chikombole cha dothi chimene anawumbitsa kwa mayi wina woumba mbiya. Alamu, amene poyamba ankati zonsezi n'zachibwana, ndiwo anasoka parashuti ndi nsalu za maambulera othyoka omwe anatolera kwa anzawo apamsika.

"Bola akudzuka m'mawa," anandiuza choncho akudula ulusi ndi mano. "Zikauluka zisauluke, ine ndaona kale phindu lake."

Tsopano inafika nthawi yanga, ndipo apa m'pamene tinakangana. Ndinawaonetsa achimwene zimene ndinkafuna kujambula. Anapukusa mutu.

"Penti imalemera. Chigoba chimodzi ukachithera pamenepa, roketi ikathera pamwamba pa bwemba."

"Ndiye mwandiitanira chiyani, achimwene? Mukanangopaka laimu."

"Ndakuitana chifukwa dzanja lako silinjenjemera. Ndikufuna mtundu woti uzioneka kumwamba, ndi mzere umodzi wakuda wowongoka, kuchokera kumphuno mpaka kumchira. Ikamazungulira, mzerewo undiuza."

Ndinanyanyala pang'ono, koma ndinabwerera. Tinagwirizana za mtundu wa nachesi lakupsa, poti thambo la kuno nthawi yotentha limayera mbuu, ndipo chinthu choyera kapena chobiriwira chimasowamo.

Ndisanagwire burashi, anandipatsa sandipepa. Ine ndinazolowera makoma, pomwe kabowo umangokaphimba ndi penti n'kupitirira. Apa ayi. Kukwecha, kupaka penti yoyambira yotuwa ija, kudikira iume, kukwechanso ndi madzi mpaka zala kuchita matuza. Achimwene ankatsinzina n'kuyendetsa chikhatho pathupi pa roketi, akapeza pokhakhala n'kulembapo ndi pensulo. Ndinkati tamaliza, n'kupeza timizere ta pensulo paliponse.

Mdani wamkulu anali fumbi. Mathiraki a pamsewu waukulu samatha, ndipo kamvuluvulu amabwera osagogoda. Nditapaka ulendo woyamba, penti isanaume inadzala mchenga ndi tizilombo, n'kumaoneka ngati chitumbuwa chogwera pansi. Tinakwechanso yonse. Nzeru inachokera kwa alamu: tinamanga maneti awiri akale a udzudzu pansi pa bwemba, kuwaza madzi pansi, n'kupachika roketi mkatimo pa nsungwi ngati mbuzi yosenda. Ndinkalowa mbandakucha mphepo isanadzuke, penti nditaisungunula ndi thina kuti ikhale yopyapyala, n'kumapopera ndi kamfuti kobwereka kwa anthu owongola magalimoto. Achimwene ankazungulitsa nsungwi ali panja pa neti. M'maola amenewo m'pamene anandiuza za moyo wa ku Joni, za chipinda chozizira chimene ankagonamo anthu ambiri, ndi za manyazi amene anawagwira pokwera basi yobwerera. Ine ndinkangopopera, kuopa kuti ndikawadula mawu asiya.

Mzere wakuda ndinaujambula ndi dzanja, nditakoka ulusi kuti unditsogolere. Nditamaliza ndinapempha malo ochepa pakati pa zipsepse. Anandilola. Ndinajambulapo kanachesi kamodzi ndi tsamba lake, kakang'ono ngati chivindikiro cha botolo. Alamu atakaona anaseka mpaka kukhala pansi.

Tinakaulutsira kumunda wina waukulu cha ku Matope, anthu atakolola. Tinanyamuka m'mawa pa lole ya mnzathu, roketi itakulungidwa m'bulangete. Sitinaitane anthu ambiri, koma tinapeza khamu: alimi, asodzi ochokera ku Shire, aphunzitsi awiri a sekondale ndi ana awo asukulu, ndi wapolisi mmodzi amene anatithandiza kubweza anthu kumbuyo kwa chingwe. Itaimikidwa pa chitsulo choulutsirapo, dzuwa n'kuiwomba, maso onse anali pa iyo. Ine mtima unkagunda ngati ndine ndikukwera.

Kompuresa inalira kwa kanthawi. Achimwene anayang'ana geji, anayang'ana kumwamba, n'kukoka chingwe chotsegulira kunsi kwa roketi. Kunamveka mkokomo, madzi ndi matope zinamwazika, ndipo roketi inali itapita kale. Ndinaipeza ndi maso ili kadontho kofiirira pathambo loyera, ikukwerabe, mzere wanga ukuoneka n'kubisika, kuoneka n'kubisika. Inafika poima, n'kupendama. Parashuti inachedwa. Roketi inayamba kutsika chamutu, mayi wina n'kugwira kumutu. Kenako nsalu za maambulera zinatambasuka, ngakhale mbali imodzi inali itapiringizika, ndipo inatsika mofulumirirapo n'kukagwera m'munda wa nandolo.

Tinathamanga tonse, ngakhale wapolisi. Mphuno inali itaphwanyika, chipsepse chimodzi chitathyoka, penti yanga itakalika mbali yonse. Ndinaima n'kumaiyang'ana, chisoni chitandigwira ndikaganiza za matuza aja. Achimwene anafika akupuma movutikira, anagwada, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka misozi.

"Unauona mzere?" anandifunsa. "Imazungulira. Chipsepse chimodzi ndinachimata chopendama."

"Ndiye mukusekerera zimenezo?"

"Eya. Ndadziwa chokonza."

Mwini munda tinamupepesa chifukwa cha nandolo zothyoka. Iye anati palibe mlandu, bola tidzamuuze tsiku lina kuti adzabwere ndi akazi ake. Aphunzitsi aja anapempha achimwene kuti akalankhule ndi ana kusukulu, ndipo anapita, atavala malaya oyera omwe aja. Patapita masabata angapo, msodzi wina amene analipo tsikulo anabwera kudzafunsa ngati faibayo ingamate bwato lake. Anamata. Kenako kunabwera a njinga zamoto ndi mapulasitiki osweka, wina ndi thanki yodontha. Pano ali ndi shedi yawo pafupi ndi yanga, ndipo chikwangwani chake ndinalemba ndine.

Roketi yachitatu ili m'kati mopangidwa, yonenepa kuposa zija, ya magawo awiri. Mwana wawo wamkazi, amene ali fomu 3, ndiye akuwerengera kuchuluka kwa madzi, ndipo bambo ake akamutsutsa sagonja msanga. Za mtundu sitinagwirizanebe. Achimwene akuti wachikasu, ine ndikuti wofiira, ndipo sabata ino ndapaka mitundu yonse iwiri pa zidutswa za faiba kuti tikaziimike patali masana, tione umene ukuoneka bwino.