Elinah Wokalipira Mizukwa

Mwamva zomwe anthu akhala akunong'onezana zija? Akuti ku Dubai kuli mtsikana wa ku Bangwe amene anagwidwa ndi ziwanda m'nyumba ya mabwana ake. Ena akuti ankalankhula ndi mawu asanu ndi awiri. Ena akuti ankaseka ngati bambo wachikulire, kenako n'kulira ngati khanda. Anti anga a Chrissy, amene amalera ana komweko, ndi amene anayamba kuitumiza nkhaniyi pa gulu la amayi a ku tchalitchi. Ndiye inu amene mwatopa ndi moyo, khalani bwino ndikuuzeni zenizeni, chifukwa ine ndafunsitsa.

Mtsikanayo dzina lake ndi Elinah.

Tsiku lomwe nkhani yathu ikuyambira, anali atakhala pa benchi pa siteshoni ya metro ku Al Barsha, chikwama chimodzi pakati pa miyendo. Kunja dzuwa linkawotcha ngati mbaula. Sitima zinkabwera n'kupita, iye osakwera, chifukwa analibe kolowera. Ntchito inali itatha m'mawa womwewo. Madamu anangoti, "Khalas, Elinah. Khalas," kutanthauza kuti zatha basi. Viza anaithetsa, ndipo anatsala ndi masabata ochepa oti apeze bwana wina, apo ayi akwere ndege.

Ndegeyo sinkamuopsa. Chomwe chinkamudya mumtima n'choti mbiri inali itafika kale ku Bangwe. Mayi ake aang'ono anali atapangana kale ndi abusa oti akamuchotse ziwanda akangotsika. Kubwerera choncho kukanakhala kuvomereza. Akanakhala "wamisala uja wa ku Dubai" mpaka tsiku lomuika m'manda.

Koma kodi zinayamba bwanji?

Abambo ake a Elinah anali ndi vidiyo sho ku Bangwe, kachisakasa ka malata kokhala ndi mabenchi a zigwagwa. Ankakonda kuonetsa mafilimu oopsa a ku America, aja a nyumba zokhala ndi mizukwa ndi zidole zoyenda zokha. Ndipo mukudziwa mmene omasulira mafilimu kwathu kuno amachitira. Satsatira zomwe mzungu akunena ayi. Amamupatsa dzina lakelake, amamukalipira, amamunena. Mzungu akamapita kukatsegula chitseko cha chipinda chamdima, abambo aja ankakuwa pa maikolofoni, "Iwe Abraham, kwanu anakuphunzitsa kutsegula zitseko za eni? Bwerera, chitsiru!" Anthu ankaseka uku akunjenjemera.

Elinah anakulira pambali pa sipika imeneyo. Abambo atamwalira, zida zinagulitsidwa, iye n'kupeza mwayi wa ntchito ya m'nyumba ku Dubai.

Abale inu, nyumbayo inali yokongola, koma chete wake! Kachipinda kake kanali kuseri kwa khitchini, kopanda windo, moyandikana ndi makina ochapira. Tsiku lonse mawu otuluka pakamwa pake anali "yesi madamu" ndi "sore madamu." Basi. Ana ankamuitana ndi dzanja, maso ali pa foni. Kutchalitchi ankaloledwa kamodzi pamwezi. Zaka ziwiri zinatha choncho. Tsiku lina anayesa kuyimba nyimbo akutsuka mbale, mawu n'kutuluka osasa ngati chitseko cha dzimbiri. Anachita mantha kuti tsiku lina adzayasamula pakamwa osatuluka kanthu.

Masana aliwonse madamu ankatenga ana kupita kumashopu akuluakulu aja. Masana ena, ntchito itatha, Elinah anakhala pakama n'kupeza filimu yoopsa ya ku America pa foni. Anachepetsa mawu mpaka kutheratu. Mzimayi wa tsitsi loyera ankatsika masitepe atanyamula kandulo. Elinah anangodzimva akunena kuti, "Iwe Rosta, magetsi alipo, kandulo n'ya chani?"

Anaseka yekha. Kenako analira, chifukwa mawuwo anatuluka ndendende ngati a abambo ake.

Kuyambira pamenepo sanasiyenso. Ankachita mawu a nkhalamba, a mwana, a mzukwa weniweniwo, n'kumajambula pa kafoni kena kakale kosweka galasi. Sankatumizira munthu. Ankangomvetsera yekha akamasita, kuti m'nyumbamo mumveke Chichewa.

Ndiye tsiku latsoka linafika. Madamu anaiwala kachikwama, n'kubwerera msanga. Ali pakhomo la khitchini anamva mwamuna akuseka mwa besi, nkhalamba ikutukwana, mwana akukuwa. Anakankha chitseko. Anapeza Elinah yekhayekha, wayang'ana kukhoma, thukuta lili kamukamu. Anasuzumira pansi pa kama kufuna mwamunayo. Osamupeza. Eti kusamupezako ndi kumene kunawaopsa kwambiri! Anauza mnzawo wa nyumba yoyandikana kuti wantchito wawo amacheza ndi majini, ndipo wolera ana wa mnzawoyo anali anti anga aja. Nkhani inauluka.

Tibwerere pa benchi paja. Elinah anaimbira amayi atatu a ku tchalitchi kupempha pogona. Mmodzi sanayankhe. Wina anati, "Tikupempherera, mwana wanga," n'kudula. Wachitatu anamutumizira vesi.

Anakapeza kama wapamwamba m'chipinda chogona azimayi asanu ndi atatu ochokera m'mayiko ena, osamvana nawo chilankhulo. M'mawa uliwonse ankapita kumaofesi opezera anthu ntchito. Mabanja atatu anamukonda, koma aliyense akaimbira madamu akale aja, nkhope inkasintha. "Inshallah, tidzakuimbira." Osaimba. Lamlungu anapita kutchalitchi, ndipo atakhala pansi, amayi a pa benchipo anasunthira uko mmodzimmodzi ngati wabwera ndi mphere.

Wina akanalumbira kuti mafilimu basi. Iye anaganiza mwina. Anati mumtima, "Ngati andinena kale kuti ndine wamisala, bola amve misala yakeyo." Masana anzake akapita kuntchito, ankakhala pa masitepe a nyumbayo, kotentha kopanda mphepo, n'kumajambula. Kenako anayamba kuika tizidutswato pa intaneti. Koyamba anaonera anthu khumi ndi awiri. Kachiwiri asanu ndi anayi. Sanasiye.

Mmodzi mwa anthu ochepawo anali Gideon, bambo wa ku Chipata ku Zambia, woyendetsa minibasi. Kutatsala masiku anayi kuti nthawi ya Elinah ithe, foni inalira. Anali iyeyo, atapeza nambala yake pa intaneti pomwepo.

"Ba Elinah, ndimwe muchita vija va mafilimu?"

"Ndine, achimwene. Ngati mukufuna kundipempherera, ena ayamba kale."

"Awe sisi, ine nenze kuseka mpaka nafuna kugunda trak! Manje mvelani. Niyendetsa bazungu ba ku America bopanga filimu. Bafuna munthu wa mawu. Mailo nizakutengani."

M'mawa mwake anapita ku Dubai Investments Park, dera la mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu. M'kati mwa nyumba imodzi yotero anali atamangamo khitchini yabodza, masitepe abodza, ngakhale kachipinda ka wantchito. Mwini filimuyo anali mayi wa ku America dzina lake Jacqueline, wowonda, wa maso otopa. Gideon ananong'oneza kuti mafilimu ake awiri oyamba anthu sanawaonere, ndipo iyi inali yomaliza kuyesa.

Filimuyo inali yoopsa komanso yoseketsa mowawa. Inkanena za wantchito wa m'nyumba amene anamwalira, koma mzukwa wake n'kupitiriza kukolopa ndi kusita, eni nyumba osazindikira kuti anafa, poti ngakhale ali moyo sankamuyang'ana. Mzukwawo sunkalankhula. Jacqueline ankangofuna mkuwo umodzi wokha, pamene madamu a mufilimuyo akutsegula chitseko cha kachipinda. Atsikana ambiri anali atakuwa kale, iye osakhutira.

Anafotokoza zonsezi m'Chingerezi chothamanga cha m'mphuno. Elinah anangotolapo za mzukwa wa wantchito, ndiponso kuti akufuna mawu ake pa filimu. Ndipo mwana wa vidiyo sho ya ku Bangwe amadziwa njira imodzi yokha yoikira mawu pa filimu.

Anamulowetsa m'kachipinda komata masiponji, n'kumuveka zomvera m'makutu. Chithunzi chitangoyamba, madamu a mufilimu akulowa ndi nsapato pamalo ponyowa, Elinah anatsegula pakamwa.

"Taonani amayi awa! Ndangokolopa kumene, iwo pwatapwata ngati bakha. Pondani, mayi, pondani, ine msana ndinausiya kumanda."

Wojambula mawu anadzutsa mutu. Elinah osaona.

"Ndinafa Lachiwiri, lero Loweruka, inu mukufunsabe ngati malaya ndasita. Ndasita, bwana. Manja akuzizira koma ndasita. Maliro anga munamva? Ayi, munali kumashopu."

Kuseri kwa galasi Gideon anali atagwira pamimba, akutsetsereka pa mpando.

Kenako chithunzi chinasintha. Mzukwa unakhala wokha pakama m'kachipinda kopanda windo, makina ochapira akuzungulira pambali. Elinah anakaona kachipindako, n'kukazindikira. Mawu ake anatsika.

"Muno mulibe amene amandifunsa kuti ndadzuka bwanji. Kufa sikunandipweteke. Ndinali nditazolowera kale."

Chitseko chinatseguka. Apa ndi pamene ankayenera kukuwa. Iye anangoti duu, misozi ili chuchuchu. Mkuwo umene anamuitanira uja sanautulutse n'komwe!

Wojambula mawu anavula zomvera zake n'kupukusa mutu. Anamufotokozera pang'onopang'ono kuti iwo ankangofuna kuti akuwe basi, osati zonsezo. Elinah anamva manyazi mpaka kuzala zakumapazi. Anati, "Sore," mawu aja anawazolowera, n'kunyamula kachikwama kake. M'maganizo anali ataona kale bwalo la ndege, mayi aang'ono, ndi abusa atanyamula mafuta odzozera.

Ali pakhomo, Jacqueline anamuimitsa ndi dzanja. Anali akuyang'ana Gideon, amene tsopano ankapukuta maso ndi chipewa.

"Dalaivala wanga sanasekepo filimu yangayi ngakhale kamodzi," anatero. "Lero waseka, kenako walira. Gideon, wanena chiyani mtsikanayu? Undiuze zonse, osasiya liwu."

Anabwezera chithunzicho, Gideon n'kumamasulira mzere ndi mzere. Anamasulira mpaka mawu omaliza aja. Jacqueline anakhala pansi pa bokosi la zingwe.

"Mzukwa wangawu ndinaulemba wosalankhula," anatero, "chifukwa sindinkadziwa zomwe unganene. Iwe ukudziwa. Ungabwere mawa?"

Elinah anayang'ana Gideon. "Achimwene, akuti chani?"

"Bakuti yalla, tiyeni, sisi. Mwapeza nchito."

Musaganize kuti zinangoyenda myaa. Kampani yopanga filimuyo inamukonzera mapepala mothamanga, ndipo anatuluka tsiku lomaliza lenileni. Ntchito yake inali yowawa. Mzere umodzi ankaubwereza mpaka kukhosi kuuma. Anaphunzira kudikira kanyali kofiira kosonyeza kuti kujambula kwayamba, kupuma kutali ndi maikolofoni, ndi kusakalipira aliyense nthawi imodzi. Tsiku lina Jacqueline anataya zonse zimene anajambula sabata yathunthu n'kuti ayambirenso. Elinah anakalira kubafa, anasamba kumaso, n'kubwerera. Madzulo ankabwererabe pa kama wapamwamba uja, wopanda womuuza mmene tsiku layendera.

Patatha chaka, filimuyo anaionetsa mu holo ina yaing'ono ku Dubai. Mzukwa unkalankhula Chichewa, Chingerezi chikulembedwa pansi. Anthu a mitundu yosiyanasiyana ankaseka, kenako kuseka kuja n'kuwathera pakhosi. Kumbuyo kwenikweni kunakhala anti anga a Chrissy, atapempha tchuthi cha maola atatu.

Atatuluka anamupeza Elinah pa khonde. "Mwana wanga, ndinakulakwira. Pakamwa pangapa."

Elinah anawagwira dzanja. "Anti, zaka ziwiri munali kuseri kwa khoma langa. Mukanangogogoda tsiku limodzi n'kundifunsa kuti ndadzuka bwanji, mukanadziwa zonse."

Anti anga, amene satha mawu, tsiku limenelo anagwetsa nkhope n'kupepesanso. Anandiuza okha, ndiye musati ndikuwanena.

Ndipo imvani izi. Filimuyo itafika ku Bangwe, mu vidiyo sho ina pafupi ndi pamene panali ya abambo ake, womasulira anakonza kukhosi kuti ayambe ntchito. Mzukwa utangoti "pwatapwata ngati bakha," anaika maikolofoni pansi n'kukakhala pa benchi ndi anzake. Panalibe choti amasulire. Mayi aang'ono aja akuti anaonera katatu, n'kumauza aliyense kuti luso limeneli ndi la kumtundu.

Abambo ake sanamve mawu amenewa, ndipo Elinah akuti mpaka lero akamaliza kujambula amatembenuka ngati awapeza pambali pa sipika. Kusungulumwa sikunatheretu. Koma masana aliwonse foni yake imalandira mauthenga a mawu ochokera kwa azimayi a m'tizipinda ta kuseri kwa makhitchini, onong'ona kuti mabwana asamve. Iye amayankha aliyense, ndipo amayamba ndi funso lomwe lija: "Mwadzuka bwanji?"

Ndiye inu amene anthu akukunenani, amene mwakhala pa benchi chikwama chili pakati pa miyendo, mtima musautaye ayi. Chimene anamuchotsera ntchito Elinah n'chomwecho chimene chinamuyeretsera dzina. Gwiritsitsani chanucho ngakhale oonera akhale asanu ndi anayi.

Koma ndikufunseni, poti ine funso sindisunga: kuseri kwa khoma lanu kuli ndani amene simunamugogodere n'kumufunsa kuti wadzuka bwanji?